Tilipo ndi Kabuleta ya Mimero Iwiri

Lolemba

Amake Yohane, lembani monga ndikunenera. Musachotsepo, musaonjezepo. Dzanja langa lidazolowera chiwongolero, cholembera chimandithawa. Inu mudapita patali ndi sukulu, ndinu mlembi wa amayi a kutchalitchi, ntchitoyi ndi yanu. Izi si za munthu wina ayi. Ndi zanga, kuti ndikadzakalamba ndidzakumbukire mlungu uno.

Akuti ndidakalamba kale. Zimenezo musalembe.

Nkhani ndi iyi. Loweruka likubwerali kuli chilanga mulilo cha mwana wathu wotsiriza, Mailesi. Akukwatiwa ndi mnyamata wa Chibemba wa ku Chawama, ndipo mwambo wa kwawo umafuna kuti akuchikazi aphike zakudya za mitundu yonse n'kupita nazo kwa mkamwini, alawe zimene adzadye moyo wake wonse. Kwathu ku Katete tidakula osazidziwa zimenezi, koma mu Lusaka mwambo wa mnzako umakupeza pakhomo.

Zakudyazo zidzapita pa galimoto yanga. Ndanena, ndipo ndanenera pamaso pa anthu.

Galimoto yanga dzina lake ndi Tilipo. Dzinalo lidalembedwa kumbuyo ndi penti woyera. Ndi vani yaing'ono yotsegula kumbuyo, ndipo ndi wamkulu kwa Yohane, mwana wanga woyamba, amene tsopano wayamba imvi. M'mamawa uliwonse Tilipo amanyamula mabokosi a matimati a Amake Yohane kuchokera kumsika waukulu wa m'tauni kufika pamsika wa Mtendere. Adanyamula malata a nyumba ino. Adanyamula Mailesi yemweyo kuchokera kuchipatala ali m'nsalu.

Vuto ndi lakuti masiku ano akutsokomola. Akasenza katundu pamalo okwera amapuma ngati munthu wa chifuwa.

Yohane wabwera madzulo ano. Wazungulira galimoto, wamenya tayala ndi phazi ngati tayalalo ndilo lamulakwira. Akuti, "Atate, motoka iyi yasila. Tiyeni tichite chabe haya ka lole, musatisebanye kuli bapongozi." Ndamuyankha kuti chakudya cha mwana wanga sichidzakwera galimoto ya mlendo atate wake ali ndi yawo. Iye akuti, "Ikafa pa Chibelu, makiyi muzanipasa." Chibelu ndi Loweruka m'malankhulidwe a m'tauni. Ndagwira dzanja lake. Amake ndiwo mboni.

Zochita mlungu uno:
kupatsa Tilipo mphamvu,
kumutsuka,
kukhoma lata la pakona padenga, limene mphepo ya Ogasiti ikuliliza ngati ng'oma.

Lata lidikire.

Lachiwiri

Titatula matimati ndapita kwa a Sakala, makanika wanga, amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Tidabwera m'tauni nyengo imodzi, tonse tili ndi tsitsi. Atsegula boneti, amvetsera, anunkhiza. Akuti vuto ndi kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya injini isanameze. Yadzaza fumbi la Mtendere. Akuti aitsuke, aiuzire, asinthe sefa ya mpweya, basi.

Basi?

Ndaiyang'ana kabuletayo bwinobwino. Mmero wake ndikhoza kuutseka ndi chala chachikulu. Ndiye ndi kammero kameneka ndikaime pakhomo pa Abemba? Ndamva kuti amalume a mnyamatayo ali ndi galimoto yaitali yochita kuponda pachitsulo kuti ukwere.

Ndafunsa ngati palibe yokulirapo. A Sakala akuti, "Mdala, injini yanu ndi ya mapulagi anayi. Mwana wa mbuzi sayamwitsidwa ndi ndowa." Ndati mwana wa mbuzi akamwera m'ndowa amakula msanga. Apukuta manja, ngakhale anali opukuta kale.

Masana ndakwera minibasi kupita ku Kanyama, kwa munthu wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Wandilandira bwino. Wanditcha ba shikulu, ndiko kunena agogo m'Chibemba, wandikhazika pa mpando wa basi yakale pamthunzi. Kenako watulutsa kabuleta yochokera m'galimoto yaikulu ya mapulagi asanu ndi limodzi. Mimero iwiri, uliwonse wolowa dzira. Kulemera kwake ngati mwala wa mphero. Akuti, "Iyi ba shikulu, mukaponda chabe so, muzapezeka ku Chongwe." Chongwe ndi kutali, kunja kwa mzinda. Ndamufunsa ngati ingakwane pa injini yaing'ono. Akuti, "Vonse vimakwana, ni kufuna chabe."

Mawu anzeru. Munthu ameneyu adaleredwa bwino.

Ndabwera nayo pamiyendo, yokulunga m'thumba la simenti. Kondakitala amafuna ndiilipirire mpando.

Amake Yohane akufunsa ngati ku Chongwe kuli apongozi athu. Ndawauza kuti ntchito ya mlembi ndi kulemba.

Lachitatu

Lero matimati abwera pa minibasi, apansi ataphwanyika. Tilipo wakhala tsiku lonse kwa a Sakala, ine pambali pake.

Zimene zapezeka ndi izi.

Kabuleta yatsopano sikukhala pa injini. Mabowo ake ali kwina, mabawuti a injini ali kwina. Wowotcherera mageti wa pafupi wadula chitsulo chokhala pakati pawo. Choyamba chidatuluka ngati fosholo. Chachiwiri chalowa atachimenya.

Waya wochokera kuphazi ndi wamfupi. Talumikiza ndi waya wa buleki ya njinga.

Sefa ya mpweya sikukwana. Kuti fumbi lisalowe tamangapo masokosi, mmero uliwonse yake. Ndi masokosi anga a kutchalitchi. Mulungu amaona mumtima.

Boneti sikutsekeka mpaka pansi. Tamanga ndi mphira. Tilipo akuoneka ngati munthu wofuna kunena kanthu pamsonkhano.

A Sakala agwira ntchito yonseyi osaimba mluzu, iwo amene amaimba ngakhale akupha injini. Pomaliza akuti, "Ndamanga chifukwa galimoto ndi yanu. Koma anthu akafunsa, dzina langa musalitchule." Lembani dzina lawo, Amake Yohane. Ulemu udzawapeza asakuufuna.

Kabuleta yakale ndati itayidwe. Amake Yohane, amene adabwera kudzaona chimene chatichedwetsa, aitola n'kuika m'ndowa yawo. Sataya kanthu amayi amenewa. M'nyumba muno muli mabotolo opanda zivindikiro ndi zivindikiro zopanda mabotolo.

Tayesa kuliza. Koyamba zii. Kachiwiri watsokomola. Kenako wabangula. Nkhuku za pansi pa mtengo zabalalika, amayi ogulitsa makala aimirira, ena atuluka m'shabini ndi mabotolo m'manja. Liwu lotere Tilipo sanatulutsepo chibadwire. Misozi yalengeza m'maso mwanga. Mwina ndi utsi, pakuti utsinso unalipo, wakuda bii.

Lachinayi

Popita kutauni mbandakucha msewu waukulu unali wopanda anthu. Ndaponda. Poyamba Tilipo watsamwa ngati wamezera kolakwika, kenako wadzuka. Ndapitirira minibasi. Ine, kupitirira minibasi! Kondakitala watulutsa mutu pawindo kuti aone bwino. Amake Yohane agwira chitseko ndi manja awiri n'kuyamba nyimbo imene amaimba poperekeza maliro.

Lembani kuti ndapitirira minibasi. Lembani ndi zilembo zazikulu.

Pobwerera ndi nkhani ina. Magalimoto adzaza msewu, mphuno pamchira wa mnzake, kuyenda pang'ono, kuima. Ndikangochotsa phazi, Tilipo wazima. Ndikaponda pang'ono, watsamwa. Zapang'ono sakuzifuna. Akufuna zonse, apo ayi agone.

Wazima pa maloboti.
Wazima pamalo ozungulira, wapolisi akuyang'ana.
Wazima pa chitunda chilichonse cha mu Mtendere, ndipo amene adaika zitunda za mu Mtendere adaziika ndi mtima wonse.

Oitanira mabasi ndiwo atikankha. Wina akuti, "Ba mudala, iyi ni motoka olo ni mbaula?" Munthu akamakukankha sutsutsana naye.

Matimati afika dzuwa lili pamutu, ogula atagula kale kwa ena. Pa nkhani imeneyi mlembi wanena zambiri zimene sizikulowa m'buku.

Petulo amene amatifikitsa kumapeto a mlungu watha lero. Singano yagona chagada.

A Sakala atulutsa mapulagi. Onse anayi akuda ngati pansi pa mphika, ndiponso onyowa. Akuti injini ikumizidwa. Mmero waukulu umafuna mpweya wothamanga, ndipo injini yaing'ono ikamayenda pang'onopang'ono siukoka mokwanira, ndiye petulo amangogwera m'kati osasakanizika. Akuti, "Ija idapangidwira ulendo wanu. Iyi idapangidwira ulendo wa wina." Ndati ikuzolowera. Nsapato yatsopano imayamba yaluma.

Apukuta mapulagi, abwezera. Mluzu palibe.

Lachisanu

Nyumba yadzaza azimayi. Kuseri akusosola nkhuku, akusinja nsinjiro za chikanda, akutsuka nsomba zouma. Munkoyo wakumwa akuchimuna uli mumgolo wabuluu. Ine ndachotsedwa pa khonde langa, mpando wanga akuikapo mbale.

Mailesi ali m'chipinda ndi alangizi, saloledwa kutuluka. Ndikudutsa pansi pa windo lake wandinong'oneza kuti, "Atate, bola chabe vakudya vifike vikali vakupya." Ndati zidzafika zisanadziwe kuti zachoka pamoto.

Mkulu wa alangizi, amayi Nyirenda, andiitana kuti andiuze dongosolo la mawa. Ndamvetsera mwaulemu.

Tikafika pa kona ya msewu wa kwa apongozi, azimayi adzatsika mu minibasi yawo, adzasenza miphika pamutu, ng'oma patsogolo. Galimoto idzabwera pambuyo pawo ndi zolemera, mgolo wa munkoyo ndi miphika ikuluikulu. Adzayenda pang'onopang'ono akuimba. Adzaima, osasuntha mpaka akuchimuna ataponya kangachepe pansalu. Adzayendanso. Adzaimanso. Choncho mpaka pageti.

Ndipo ichi anena kawiri: atate a mkwatibwi saoneka pa mwambo umenewu. Popeza ndakakamira kuyendetsa, ndivale chipewa, ndisatsike, ndisalankhule. Katundu akatsitsidwa ndichoke ngati dalaivala waganyu.

Ndafunsa kuti pang'onopang'ono pake ndi potani. Ayenda pabwalo kundionetsa. Nkhuku yawapitirira.



Madzulo ndakayeserera pabwalo la mpira. Njira ilipo. Phazi lamanja liponde mafuta osaleka, lamanzere ligwire kilachi pakatikati. Akatero Tilipo amayenda liwiro la munthu, koma akubangula ngati akuthamangitsa mbala, ndipo pansi pakuchokera fungo la chinthu chopserera. Bondo langa lamanzere likunjenjemerabe mpaka tsopano.

Yohane waimba foni. "Atate, ka lole kakalipo, nikambe naye mwine?" Ndati ayi.

Amake Yohane atulutsa ndowa ija pansi pa bedi, aiika pakati pa chipinda. A Sakala akhoza kubwezera mawa m'mamawa, ndikudziwa. Ndaiyang'ana kabuleta yakaleyo. Kammero kake kandiyang'ananso. Koma Mtendere yonse yamva kubangula kwa Tilipo. Ndibwerere bwanji kukutsokomola?

Ndowa ndaibweza pansi pa bedi ndi phazi lamanja. Lamanzere lakana.

Lata likulirabe.

Loweruka

Amake Yohane sanapite, pakuti amake mkwatibwi amatsala pakhomo ndi mwana. Akuti amva kale zonse kwa azimayi, ena mpaka kuwachitira sewero. Koma ndikufuna zilembedwe monga ndaziwonera ine amene ndinali pa chiwongolero.

Kuchokera ku Mtendere kufika ku Chawama tayenda bwino. Yambani ndi zimenezo. Minibasi ya azimayi idatsalira kutali, ndachita kuidikira pa kona, phazi lili pamafuta.

Azimayi atsika, onse m'zitenje zofanana, miphika yokutidwa ndi nsalu zoyera pamutu. Ng'oma yayamba. Ine pambuyo, chipewa mpaka m'maso, mapazi onse awiri pantchito. Nyimbo sindinaimve. Oimbawo sanaimvenso. Amayi Nyirenda atembenuka, andikodola ndi dzanja kuti nditsitse phokoso. Ndachotsa phazi pang'ono chabe.

Wazima.

Zachitika pamene azimayi aima koyamba, choncho palibe amene wadziwa. Akuchimuna abwera, aponya zawo pansalu, nthungululu zamveka, azimayi ayenda. Tilipo ayi. Ndapotokola kiyi. Ndapotokolanso. Fungo la petulo lokhalokha. Azimayi aimanso patsogolo, atembenuka, aona kuti munkoyo watsala.

Pamenepo pabwera amalume a mkamwini, a Mulenga, munthu wamtali wa suti yotuwa. Abemba ndi ife akum'mawa tili pa chimbuya, timanyozana ngakhale pamaliro, ndipo wonyozedwa saloledwa kukwiya. Ayang'ana galimoto, agwada pang'ono, aika ndalama pa boneti monga achitira kwa azimayi aja. Akuti, "Na aba bamayo bafuna kulipiliwa kuti bayende." Msewu wonse waseka. Ndapotokola kiyi. Zii. Aikapo ina. "Bakosa mutengo. Iwe dalaiva, mu tanki mwaikamo mafuta olo mbeba?"

Ndalumira mano pansi pa chipewa. Ndaponda mafuta mpaka pansi, ndapotokola.

Waphulika kamodzi ngati mfuti. Woimba ng'oma wataya ng'oma. Kuphulikako sikunatulukire kumbuyo monga mwa masiku onse. Kwatulukira kumimero, ndipo pansi pa boneti payamba kufuka. Masokosi agwira moto.

Amayi Nyirenda adati ndisatsike. Koma kumbuyo kuli chakudya cha mwana wanga, kutsogolo kuli moto ndi petulo. Ndatsika, ndamasula mphira, ndatsegula. Pafupi panalibe nsalu, panalibe mchenga. Ndavula chipewa n'kumenya nacho moto mpaka wazima.

Ndikutembenuka, dazi lili padzuwa, anthu onse maso ali pa ine. A Mulenga andiyang'ana. Tidakhalapo pamphasa imodzi pokambirana za ukwatiwu, sakadandiiwala. Akuti, chapansipansi, "Aa. Basebele." Umo ndimo makolo a mkwati ndi a mkwatibwi amaitanirana.

Amayi Nyirenda aphimba kumaso ndi chitenje.

A Mulenga ndiwo avula jekete, apatsa munthu kuti awagwirire, aitana amuna a kwawo. Akuti, "Ngenani mukati basebele, ise sitinakuoneni. Mwana mwatipasa, na nchito mwatipasa." Ndalowa. Chipewa chopserera ndavalanso.

Akankha. Amuna a masuti, manja pa dzina la Tilipo. Azimayi akayenda, ife tayenda. Akaima, ife taima. Sitinawapitirire, sitinatsalire. Injini ili zii, matayala okha akumveka pamiyala. Pamenepo nyimbo ndaimva. Ndi nyimbo yabwino. Ikunena za mwana amene akuchoka pakhomo pa amake.

Katundu watsitsidwa pageti. Pobwerera ku Mtendere andikoka ndi chingwe. Yokoka ndi galimoto yaitali ija ya a Mulenga. Ndaiona bwino kumbuyo kwake njira yonse.

Yohane ndamupeza pakhomo, dzanja lili chotambasula. Ndapereka makiyi. Munthu wamkulu sabweza mawu ake.

Mailesi wafunsa chinthu chimodzi chokha kudzera pawindo lija, ngati zidafika zotentha. Ndati zidafika zofunda. Kwamveka phokoso m'chipindamo. Amake akuti mwanayo amaseka. Ine sindikudziwa.

Lamulungu

Kutchalitchi tapita wapansi, ine wopanda masokosi. Anthu andipatsa moni wambiri kuposa masiku onse. Ena awoloka msewu kuti andipatse.

Masana a Sakala abwera osaitanidwa, masipanala ali m'thumba. Amake Yohane atulutsa ndowa. Kabuleta yakale yatsukidwa, yauziridwa, yamangidwa pamalo pake popanda wowotcherera, popanda waya wa njinga. Sefa yatsopano yalowa. Boneti yatsekeka. Mluzu wabwerera.

Aliza kamodzi kokha. Tilipo akung'ung'udza chapansipansi ngati mphaka wokhuta. A Sakala amuyendetsa pabwalo pang'onopang'ono, phazi limodzi, chigongono pawindo. Nkhuku yawapitirira. Sanandiyang'ane, ndipo ndikuwathokoza.

Chigamulo cha banja, chimene ndauzidwa nditakhala pansi: makiyi Yohane wapereka kwa amake. Azikhala m'chikwama chawo pamodzi ndi buku la nyimbo. Ndizipatsidwa m'mamawa pa ulendo wa matimati, ndizibweza tikafika. Boneti sindiyenera kutsegula popanda mboni.

A Mulenga atumiza uthenga wakuti pa tsiku la ukwati Tilipo asasowe pamzere, okankha alipo kale ndipo ayamba kudya mokwanira. Ndaulandira ngati ulemu. Sindiloledwa kukwiya.

Munthu wa ku Kanyama ndamuimbira. Akuti, "Ba shikulu, vogula sivibwelela." Sanaleredwe bwino monga ndinkaganizira.

Choncho Yohane wakwera padenga ndi kabuleta ya mimero iwiri, waikhazika pa lata la pakona. Mphepo yabwera madzulo ano monga mwa masiku onse, yanyamula fumbi ndi mapepala, yakankha chitseko. Lata lili zii. Ndatuluka kukaona. Ili pamenepo, yakhala bwino, mimero yonse iwiri ikumwa mpweya wothamanga umene inkaufuna.

Lembani kuti chitsulocho n'chabwino, chidangosowa malo ake.

Mlembi akuti alemba, ndipo dzanja latopa. Tsekani buku, Amake Yohane. Mawa mundidzutse ndinu. Makiyi ali kwa inu.